Kukapepesa maliro pa siteshoni yopanda mlonda

Ndinanyamuka ku Ndirande Lolemba m'mawa, m'chaka cha 2014, pa takisi ya mnzanga yomwe inalira ngati chigayo mpaka ku Chileka. Kuntchito ankanditumiza ku Japan kukaphunzira zokonza mapaipi a madzi kwa milungu isanu ndi umodzi. Mayi anga zamapaipizo analibe nazo ntchito. Iwo anandipatsa chitenje chatsopano ndi ntchito imodzi: ndikapepese maliro.

Malirowo anali a Sachiko, mtsikana wa ku Japan amene anaphunzitsa masamu kwathu kuno zaka ziwiri, akukhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Mayi ankamutcha mwana wawo. Atabwerera kwawo anadwala n'kumwalira, ife tinangomva pa kalata. Zaka zinayi zonse chimwalirireni, mayi ankadandaula kuti maliro a mwana sapepesa papepala.

"Ukakhale pansi pamaso pa mayi ake," anandiuza. "Osakapereka chitenjechi choimirira ngati ukugula tomato."

Tsiku loti ndikapepese malirowo linali limodzi lokha, Lamlungu lomaliza. Womasulira wathu anawaimbira mayi a Sachiko, nagwirizana kuti akandidikire pa siteshoni ya kumudzi kwawo nthawi ya 1:17 masana. Ndinaseka. Kwathu munthu akati wani koloko ndiye kuti adya kaye.

Sitima yoyamba inanyamuka mumzinda 9:40 yeniyeni, tikiti ya ulendo wonse mayeni 2,300, ndalama za kumeneko. Cha m'ma 12 koloko ndinasinthira ina yaing'ono, ya mabogi awiri, tili anthu asanu ndi awiri basi, popanda kondakitala. Tinkalowa m'mimba mwa phiri, mdima bii, n'kutulukira m'minda ya mpunga yosalala ngati aiyeza ndi chingwe. Ndinangoti kukamwa yasa.

Pa 1:17 sitima inaima. Pawindo ndinawaona: mayi wamfupi, wa imvi, atagwira ambulera. Ndinaima pachitseko cha bogi ya kumbuyo kudikira kuti chitseguke. Sichinatseguke. Kani pa masiteshoni ang'onoang'ono chimatseguka chakutsogolo chokha, pafupi ndi dalaivala, amenenso amalandira matikiti. Sitima itayamba kuyenda, Ndirande yense anadzuka mwa ine. Ndinamenya khoma n'kukuwa kuti, "Wotsika! Wotsika!" Bambo wina wonyamula mbedza anandilozera chitseko chakutsogolo, nawerama kupepesa ngati wolakwa ndi iyeyo. Mayi aja anatsalira m'mbuyo, akucheperachepera.

Ndinatsika pa siteshoni yotsatira. Pakhoma panalembedwa kuti yobwerera ifika 3:05. Nambala yawo ndinalibe, chilankhulo ndinalibe, ndipo sindinkadziwa kuti mayi anga ndikawauza chiyani.

Siteshoniyo inali kanyumba kamatabwa, kochepa kuposa okala ya pamsika. Panalibe wogulitsa matikiti, panalibe mlonda, panalibe ngakhale galu. Koma pansi panali posesa. Pabenchi panali timapilo toluka pamanja, pawindo maluwa atsopano m'botolo, pakona maambulera atatu oti aliyense abwereke. Wotchi yapakhoma inali yosamangirira n'komwe, ndipo inkayenda bwino. Ndinaganiza za mababu athu amene timawatsekera m'mawaya. Kunja kunkangomveka madzi m'ngalande ndi achule. Ndinadya mpunga woumba wokulunga m'tsamba lakuda la m'nyanja, womwe ndinagula mumzinda, ndipo ndinachita mantha ndi bata limenelo, ngati ndalowa m'tchalitchi ndi nsapato zamatope.

Pa 3:05 sitima inabwera. Ulendo uno ndinakakamira pamsana pa dalaivala mpaka anandicheukira kawiri.

Nditatsika, mayi aja anali pomwepo. Anali atakhala pabenchi, manja pamiyendo, ambulera pambali. Atandiona anaimirira n'kuyamba kuwerama, koma ine ndinachita zimene ndinatumidwa. Ndinakhala pansi pasimenti, ndinatulutsa chitenje ndi manja awiri, n'kunena m'Chichewa, poti china ndinalibe: "Pepani mayi. Anandituma mayi anga a ku Ndirande. Mwana uja anali wathunso."

Anachitambasula n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachizunguliza m'chiuno, nachipisira kumanzere bwinobwino, monga amamangira amayi akwathu popita kusiwa. Panalibe wina amene akanawaphunzitsa zimenezo koma mwana wawoyo. Anatsika pang'onopang'ono, maondo akulira, nakhala pasimenti pambali panga. Tinalira tonse awiri, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Ndisanapite, anthu ankandiuza kuti ku Japan sitima sidikira munthu ngakhale mphindi imodzi. N'zoona, ndinazionera ndekha. Chimene sanandiuze n'chakuti mayi woferedwa akhoza kukhala maola awiri pabenchi, osadziwa ngati mlendoyo abwerera, chifukwa choti akuchokera kumene mwana wake anakondedwa.