Mazira a alamu anga pa 311

Lachiwiri masana ndinafika ku Mlangeni n'kupeza alamu anga, aNangozo, akukupiza mazira ndi chivundikiro cha ndowa.

Mazirawo anali m'makina oswetsera anapiye omwe amuna awo, achimwene anga, anabwera nawo kuchokera ku Joni. Chitseko cha makinawo chinali chotsegula, chingwe cha chotenthetsera mazira chili pansi atachizula.

"Alamu, apsa! Taonani nokha," anatero akuloza kachipangizo kopimira kutentha. Pagalasi pake panali 311.

"Masiku onse kamalemba 38. Magetsi angothima n'kuyakanso, basi kalumpha chonchi. Mazirawa tinasonkha amayi a m'gulu lathu, ndipo atsala pang'ono kuswa. Ndikawauza chiyani anzanga?"

Ndinapisa dzanja m'katimo. Munali mofunda ngati m'khwapa. Nditayang'anitsitsa pagalasi, ndinaona kuti pambali pa nambalayo pali K, osati C.

"Tsekani chitseko, lumikizani chingwe. Msanga!"

"Mukufuna akazingike?"

"Madzi amawira pa 100, alamu. Kukanakhala 311 yeniyeni, bwenzi pulasitikiyu atasungunuka, inu muli panja mukukuwa."

Analumikiza, koma akung'ung'udza. "Ine K amene ndimamudziwa ndi wa kwacha."

K ameneyu ndi Kelvin, muyeso wa asayansi. Celsius, yemwe timamumva pawailesi, amayamba kuwerenga pomwe madzi amaundana. Kelvin amayambira pansi penipeni, pa kuzizira komwe kulibenso kwina kopitirira, madigiri 273 kunsi kwa ziro wa Celsius. Okonda zenizeni amati 273.15. Kukula kwa digiri n'kumodzimodzi, chosiyana ndi poyambira pokha.

Ndiye masamu ake ndi a ku pulayimale. Mukaona Kelvin, chotsani 273. Mukafuna kubwerera, wonjezerani 273. Pa 311 kuchotsa 273 patsala 38, kufunda komwe dzira limafuna. Magetsi atabwera, kachipangizoko kanangobwerera ku muyeso womwe kanachoka nawo kufakitale.

Inuyo mukuwerenganu, ngati muli bwino, thupi lanu lili pa 310. Chisanu cha Juni ku Biriwiri chikafika pa 7, Kelvin amati 280. Kodi mungavule juzi chifukwa nambala yakula?

Chomwe chikanapha anapiye aja si moto ayi. Ndi mphepo ya chivundikiro cha ndowa.

M'nyumba zathu mwadzaza zida za pakaunjika ndi zobwera m'zikwama za apaulendo, zopanda kabuku kofotokoza. Sikelo ina imayeza mapaundi. Choyezera kutentha thupi china ndi cha Fahrenheit, moti chikalemba 99 mayi amabereka mwana kuthamangira kuchipatala, chikhalirecho ndi 37 chabe. Timawerenga nambala, chilembo chapambali n'kuchisiya ngati chokongoletsera. Kusukulu tinaziphunzira izi, koma tinazisiya m'chipinda cha mayeso.

Loweruka m'mawa foni inalira. Alamu sanapereke ngakhale moni. Anangoika foniyo pafupi ndi makina, ine n'kumva kulira kwa anapiye, phokoso ngati msika wa Manjawira.

Mtima unakhala pansi. Masiku onsewo ndinkadzifunsa ngati chitseko chija chinakhalitsa chotsegula.

"Ndibwere ndidzakabwezere pa C kachipangizoko?" ndinafunsa.

"Musakakhudze! Kaswetsa pa 311, kakhale pomwepo. Kuchotsa 273 ndikutha ndekha."

Nanga inu, pa chida chomwe mumachidalira kunyumba kwanuko, pambali pa nambala pali chilembo chanji?