Kapu ya pansi pa sinki

Ndinabadwira ku Joni konkuno, bambo anga atabwera kumigodi kuchokera ku Dedza. Chichewa ndi Chizulu ndimalankhula zonse, n'chifukwa chake anandiitana kuntchito kwathu kuti ndikamasulire pa nkhani ya kapu.

Tinkagwira ntchito yochapa panyumba ina yosungira okalamba kufupi ndi Troyeville. Pakati pathu panali amayi ena achikulire a ku Mulanje. Kapitawo wathu, mzimayi wa konkuno, ankachotsa kapu yawo pashelefu n'kuiika pansi pa sinki, pamodzi ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Ankati makwerekwere, dzina lonyozera anthu ochokera kumayiko ena, amabwera ndi matenda. Amayiwo anapirira, koma atatopa anakadandaula kwa mabwana.

Kunabwera bambo wina wa tayi kudzafufuza. Anakhala m'chipinda chodyera, ndipo tiyi anamukonzera ndi kapitawo yemweyo. Kapitawoyo sanatulukenso. Anaima pakhomo atapinda manja, anzathu akuitanidwa mmodzimmodzi. Aliyense ankayang'ana pansi n'kunena kuti sanaonepo kanthu.

"Afunseni," wofufuzayo anandiuza, "mwina kapuyo ankaiika okha n'kuiwala."

Ndinamasulira.

"Mwana wanga," amayiwo anatero, "auze bambowa kuti ndine munthu wamkulu. Ndingasunge bwanji chomwera changa pomwe timasunga zotsukira m'chimbudzi?"

Wofufuzayo anangogwedeza mutu, kenako anafunsa ngati mapepala awo okhalira m'dziko muno anali bwino. Ndinamuuza kuti sitinabwerere zimenezo, komanso kuti ineyo ndinamuonapo kapitawo akutsitsa kapuyo atainyamula ndi kansalu.

"Womasulira sakhala mboni," anatero. Sanalembe chilichonse.

Chigamulo chinabwera patapita milungu: kunali kusamvana chabe. Makapu athu onse anawachotsa, n'kutipatsa apepala omwe ankafewa tiyi asanathe, ndipo anzathu anayamba kuwakwiyira amayiwo. Mabwana anawasamutsiranso kochapa zofunda zoipitsidwa, ati kuti asamakumane ndi kapitawo. Kumeneko fungo limakakamira m'tsitsi mpaka anthu amakutalikira mu takisi.

Pomaliza anatisonkhanitsa tonse kuti awiriwo agwirane chanza, bwana wamkulu akujambula ndi foni. Tinauzidwa kuomba m'manja, ena anaombadi. Bwanayo atangotuluka, kapitawo anapita pampopi n'kusamba m'manja ndi sopo, pang'onopang'ono, mpaka m'zigongono, tonse tikuona. Amayi aja anavala magolovesi awo n'kubwerera kuntchito.