A Ebbe Atchera Kazitape wa Tinjerwa

M'tauni yathu muno m'chigawo chozizira cha Jylland, ukaponda kanjerwa kapulasitiki koseweretsa ndi phazi lopanda nsapato sukalipira mwana ayi, umakalipira agogo ake. Ana a masiku ano ali pa foni. Amene amagwada pansi kumanga tinyumba, tisitima ndi timagalimoto ndi ife a imvi. Tili ndi kalabu yathu, timakumana Lachinayi m'chipinda cham'mbuyo ku laibulale. Ine Gudrun ndimaphika khofi. Ena amati ndimaphikanso nkhani, koma amenewo ndi ansanje chabe.

Katswiri pakati pathu ndi a Ebbe Brandstrup. Anayendetsa basi ya ku Vejle mpaka kupuma pantchito, ndipo amene anakwerapo amakumbukira chimodzi: tikiti ankaiyang'ana kumaso ndi kumsana, kenako n'kuyang'ananso mwini wake. Ndi munthu wabwino, sindikana. Chipale chofewa chikagwa nyengo yozizira amatenga fosholo n'kulambulira aneba onse njira. Kungoti akamaliza amaima pawindo kudikira kuti aone amene adutse osathokoza.

Chaka chikamayamba tili ndi mwambo. Aliyense amaimirira, keke ili pambale, n'kunena zokhumba zake, mabokosi atsopano amene akufuna kuti fakitale ya tinjerwa, ija ili kuseri kwa nkhalango, idzatulutse. Wina amafuna linga la mafumu akale, wina akulirabe chombo cha m'mlengalenga chimene anasiya kupanga iye akadali ndi tsitsi. Tikatero timazilemba pa intaneti, pomwe anzathu a mayiko ena amalembanso zawo. Palibe amatiyankha. Timadziwa, komabe timalemba.

Tsoka la a Ebbe linali lakuti zokhumba zawo zinkatheka. Chaka china anati akufuna nsanja ya nyali yowongolera zombo. Patapita nthawi, bokosi la nsanjayo linapezeka m'sitolo. Anabwera nalo ku kalabu atalikanikiza kukhwapa, nkhope ili ngati munthu wochokera kumaliro.

"Andibera," anatero.

"Inu a Ebbe," ndinatero ine, "si zimene mumafuna? Munthu ukapempha mvula, ikagwa umakasuma?"

"Akanandifunsa. Taonani chitsekochi, Gudrun. Chobiriwira. Ine ndinati chobiriwira. Pa intaneti za mtundu wa chitseko sindinalembe. Ndinanenera m'chipinda muno, pampando uwo."

Ndinawauza kuti anthu okhumba nsanja yotere ndi miyandamiyanda, ndipo chitseko ngati si chofiira chimakhala chobiriwira, mitundu yake ndi yomweyo. Anangondiyang'ana ngati tikiti ya dzulo.

"Muno muli khutu la fakitale."

Kuyambira pamenepo anasiya kuimirira pa mwambo uja. Nthawi yawo ikafika ankangoti, "Ndadutsa," n'kuluma keke. Tonse tinkadziwa kuti ali ndi chokhumba chachikulu, chenichenicho, chimene sanauze ngakhale akazi awo a Bodil.

Amene ankamukayikira kwambiri ndi amene ankakhala naye pampando umodzi: Aksel Toft, mnzawo wa kuyambira ku pulaimale, yemwe anawaimira pa ukwati wawo. Aksel anagwira ntchito kofinyira mkaka moyo wake wonse. Ndi munthu wa mawu ochepa, makutu ake ndi olemera, ndipo akamamanga amazimitsa kamakina ka m'khutu kuti tisamusokoneze. Mlandu wake unali umodzi basi: mkamwini wake amagwira ku fakitale kuja. Amayendetsa kagalimoto konyamula makatoni kosungira katundu, koma kwa a Ebbe, aliyense wolowa pageti lija amadya ndi mabwana.

Chaka chatha a Ebbe anaganiza zotchera msampha. Anayendera aliyense wa ife kunyumba, atanyamula mabanzi a sinamoni. Kwanga anafika masana, anasuzumira kukhitchini kuona ngati kuli munthu, n'kutsitsa mawu.

"Ndikukuuzani inu nokha, Gudrun. Chimene ndimalota ine ndi khola la nkhumba. Lokhala ndi timageti totseguka."

Ndinamva kulemera mumtima kuti munthu wandikhulupirira chotere. Sindinauze aliyense, kupatula mchemwali wanga ndi mayi amene amandikonza tsitsi.

Lachinayi lotsatira, ndikuthira khofi, a Preben, omwe anali mphunzitsi wa masamu, anandinong'oneza kuti, "Mwamva? Ebbe akufuna chipinda cha dokotala wa mano."

"Ayi, khola la nkhumba."

"Mano, mayi. Anandiuza yekha."

Inger-Lise analowerera, shuga ali m'manja. "Nonse mwaphonya. Ndi malo ochapira zovala."

Tinayang'anana. A Preben ndi amene anayamba kuseka. "Nkhalamba ija yatipatsa aliyense bodza lakelake. Limene lidzatulukire m'bokosi ndiye lidzaloze kazitape."

Zoti Aksel nayenso anauzidwa lake sitinadziwe, chifukwa sanatsegule pakamwa. Iyenso zathuzi sanazimve. Anali pakona paja, khutu lozimitsa, akufunafuna kanjerwa kotuwa.

Mabodza athu atatu anazungulira tauni yonse n'kubwerera kwa mwini wake kudzera kogula buledi. A Ebbe sanakwiye. Anandipeza ndikutsuka makapu, akuoneka ngati munthu amene wapeza chimene amafuna.

"Onse abwerera, kupatula limodzi."

"La ndani?"

"La Aksel. Ndinamuuza ngolo yogulitsiramo soseji ya pasiteshoni ija. Zii. Palibe wamvapo."

"Ndiye kuti mnzanuyo ndi wosunga chinsinsi. Muthokozeni."

"Simukumvetsa. Wamiseche ngati inu amagawa ulere. Amene wakhala chete ndiye kuti wapeza wogula."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinaona kuti mwa njira yawo anali atandichotsa pa mlandu.

Kenako umboni unayamba kubwera wokha, ndipo ndinene zoona, ngakhale ine ndinayamba kukanda mutu. Jytte, amene amagulitsa soseji m'ngolomo, anandiuza kuti Aksel anabwera ndi tepi yoyezera. Anayeza windo, anayeza matayala, anajambula botolo la msuzi ndi kashelefu koikapo zigongono. Soseji sanagule. Munthu wabwinobwino amapita kungolo ya soseji osagula soseji? Wa positi naye anati kwa Aksel kukufika timaphukusi tolira chekecheke. Ndipo galimoto ya mkamwini uja inayamba kuoneka pakhomopo Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Nkhani zotere sizisungika, zimawola. Ndinakazitula kwa a Ebbe zikadali zotentha.

A Ebbe anasintha mpando ku kalabu. Anakakhala pafupi ndi chitseko, pamene pamalowa mphepo. Aksel anadzutsa mutu, anayang'ana mpando wopanda munthu, anayang'ana mnzake, n'kuweramanso.

Nthawi imeneyo n'kuti phwando la a Ebbe la zaka makumi asanu ndi awiri likuyandikira, holo atalipira kale, timbendera ta patebulo atagula. A Bodil anandidandaulira tili pamzere kusitolo.

"Wamuchotsa Aksel patebulo lalikulu. Wamuika kumapeto, pakhomo la kukhitchini, pamodzi ndi msuweni uja amayankhula za matenda ake. Ndamufunsa chifukwa, akuti ndidzawerenga m'nyuzi."

Kwathu kuno, mnzako wa ubwana ukamukhazika pakhomo la kukhitchini pa phwando lotere, tauni yonse imamva kuti ubwenzi watha. Sipafunikanso kulankhula.

Koma a Ebbe kudikira mpaka bokosi lidzatuluke kunawakanika. Loweruka lina masana anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita kwa Aksel. Zimene zinachitika kumeneko ndinamva kwa Solvej, mkazi wa Aksel, amene anawatsegulira. Iye akuti anangopezeka ali pamasitepe otsikira kuchipinda chapansi, thireyi ya khofi m'manja. Ndimamukhulupirira. Inenso ndikanangopezeka.

Aksel anamva mapazi mochedwa. Anaponya chinsalu pamwamba pa chinthu chili patebulo, koma tayala limodzi linatsalira panja.

"Vundukula," anatero a Ebbe.

"Sungaone. Bwerera, mdala iwe, ukamwe khofi kumtunda."

"Akupatsa chiyani, Aksel? Bokosi laulere? Kapena akulonjeza kuti mkamwini wako amukweza asiye kunyamula makatoni?"

"Wati chiyani?"

"Yatsa khutulo! Ndati wandigulitsa!"

Anakoka chinsalu chija okha. Pansi pake panali ngolo ya Jytte, yaitali ngati mkono, yofiira ndi yoyera. Windo lake limatseguka. Tisoseji tili pamzere. Pambali panaima tianthu tiwiri ta imvi, wina atavala kapu ya dalaivala wa basi. Padenga panali nambala 70 ya tinjerwa tachikasu.



"Mkamwini wanga uja amabwera kudzandigwirira nyali," anatero Aksel. "Maso angawa sakuonanso tinthu tating'ono. Iwe umati ndikutani?"

Aksel analoza ngoloyo n'kupitiriza.

"Unandiuza kuti ndi chimene umalota. Ndinadabwa, chifukwa soseji imakupweteka m'mimba. Koma ndinati, mnzanga wandiuza ine ndekha patatha zaka zonsezi, fakitale singapange ngolo ya Jytte, ndimupangira ndine. Si chimene umalota eti?"

Apa munthu wochenjera akanangoti ndi chomwecho. A Ebbe ali ndi zolakwa zambiri, koma bodza lachiwiri linawakanika.

"Inali nyambo. Aliyense ndinamupatsa yake."

"Nyambo."

"Kuti ndione amene akuuza fakitale."

Aksel sanakuwe. Anakoka mabokosi ake osanjiramo, anakhala pansi, n'kuyamba kugumula denga. Kanjerwa kofiira kwa tofiira, kachikasu kwa tachikasu, mosathamanga. Amene samanga sangamvetse. Munthu wokwiya amaphwanya, mawa n'kutola. Amene akusanja ndiye kuti watsimikiza kuti chinthucho sichidzakhalaponso.

"Aksel, siya."

Kanjerwa kena kanagwera m'bokosi.

"Aksel, ndati siya, chitsiru chokalamba iwe. Denga labwinobwino limenelo."

"Si lako. Iwe ulibe chokhumba. Uli ndi nyambo."

A Ebbe anavula chipewa, anachipotokola, anachivalanso. Anapita pakawindo kakang'ono ka m'chipindamo n'kukatseka. Kenako anakwera masitepe, anapeza Solvej, anamulandira thireyi mwaulemu, anati, "Zikomo, Solvej, tithira tokha," n'kumutsekera chitseko pamphuno.

Solvej anamata khutu pachitseko, amavomera yekha. Anangomva kung'ung'udza. Kenako mawu a mwamuna wake: "Wati chiyani?" Kung'ung'udza kwinanso, kotalikirapo. Ndiye Aksel anati, "Aa! Chimenecho? Bwanji sunanene kalekale? Bambo ako akanalira." Basi. Zina zonse kunali kulira kwa makapu.

Ndayesa kufufuza chokhumba chenicheni chimene a Ebbe anamuululira Aksel, musaganize kuti sindinayese. Ndinaphikira Aksel keke ya maapozi, anadya, anathokoza, anapempha ina. A Preben akuti ndi basi yakale, Inger-Lise akuti ndi chigayo cha mphepo chimene chinapsa a Ebbe ali mwana. A Bodil akuti nawonso sadziwa, ndipo akuti zili bwino choncho, m'nyumba mwawo tinjerwa takwana.

Tsiku la phwando Aksel anali patebulo lalikulu, kudzanja lamanja la mwini phwando. Nthawi ya mphatso itakwana anatulutsa katoni pansi pa tebulo. Munali ngolo ija, tisoseji ndi tianthu tiwiri tili m'malo mwake, koma pamwamba pali pululu, theka la denga kulibe.

"Yatsala," anatero a Ebbe chapansipansi.

"Kugumula ndinalekezera pomwepo," anayankha Aksel, akuthira mowa m'tambula ya mnzake. "Tofiira tili kwathu m'bokosi. Ukadzatifuna udzabwere, udzagogode ngati munthu, udzamange wekha."

"Lachiwiri?"

"Lachiwiri. Ubwere ndi mabanzi. Opanda nyambo."