Droni Yanga ndi Masamba a Pamsewu ku Mgona

Ntchitoyi ndinaipeza pa ukwati. Ndinkajambula akwati ku Kawale ndi droni yobwereka, kandege kaja kokhala ndi kamera, pomwe mayi wina anandikodola. Anali a Nyirenda, a bungwe lina loona za chilengedwe. "Kameneka mumatha kukayendetsa mowongoka?" Ndinati eya, ndiye basi, Lolemba ndinayamba.

Ntchito yake sinali yamasewera. Utchaje mabatire, upukute galasi la kamera, uone ngati mapiko sanang'aluke, udikire kaye kandege kadziwe pomwe kanyamukira. Tinkajambula maenje a njerwa, mokumba mchenga ndi ngalande zochokera m'mafakitale. Droni inali imodzi yokha, ndipo a Nyirenda anandiuziratu kuti ikadzawonongeka, ine ndi ntchito tasiyana.

Tsiku lovuta linali ku Mgona. Fakitale ina inkataya madzi akuda, onunkha, m'ngalande yodutsa m'makomo mwa anthu. Ndinanyamutsa droni pabwalo la mpira n'kutsata ngalandeyo mokhotakhota mpaka ndinapeza paipi yake. Ndinakomedwa n'kujambula, rimoti n'kuyamba kulira kuti batire latsala pang'ono kutha. Zikatero droni imabwerera yokha, njira yachidule, osakhota.

Nditayang'ana pafoni yolumikiza ku rimoti, ndinaona zimene sindinkayembekezera. Kutsogolo kwa droni pamsewu panali masamba aawisi oyalidwa mopingasa. Maliro! Azimayi ali khuma pansi, azibambo mutenti, bokosi lili pakhomo. Kandege kanga kakulunjika pomwepo, kakulira ngati njuchi.

"Isiyeni idutse, n'kanthawi kochepa," anatero a Nyirenda, amene anali pambali panga.

Aaa, ine ayi. Ngakhale wakabaza amatsika panjinga akaona masamba, ndiye ine ndiuluke pamwamba pa maliro? Ndinailetsa kubwerera n'kuitsitsa pamsewu isanafike pamasamba paja. Chithunzi chinazima. Ndinali ndi mantha osasimbika.

Ndinathamangira komweko, thukuta lili kamukamu, a Nyirenda akunditsatira. Ndinapeza anyamata aizungulira, wina atanyamula njerwa. Ndinavula chipewa n'kunjuta. Bambo wina wachikulire, malume wa malemuyo, anatuluka mutenti.

"Mukujambula maliro athu?"

"Ayi bambo, pepani kwambiri. Timajambula ngalande. Nditaona masamba ndinaitsitsa."

Ndinawaonetsa zithunzi pafoni. Anayang'anitsitsa paipi ija nthawi yaitali, mnyamata uja njerwa ikadali m'manja.

"Kodi madziwa amatulukira apa? Ife zaka zonsezi timangomva fungo." Anatembenuka. "Iwe, taya njerwayo. Inu tengani chinthu chanu, koma mukhale kaye pansi mwambo uthe."

Tinakhala, ine ndi a Nyirenda, droni ili pamiyendo, mpaka tinaperekeza kumanda munthu amene sitinkamudziwa n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo sindiulutsa droni ndisanayende pansi n'kufunsa eni dera kuti adzuka bwanji. Ukakhala kumwamba umangoona madenga, sungadziwe nyumba imene ikulira.