Kuseri kwa Nyumba ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anali telala. Anasiya kusoka pa 3 Malichi 2014 maso atayamba kuchita chidima, ndipo chaka chomwecho anasiyanso kusesa kuseri kwa nyumba yawo.

Mvula inali itayamba kubwera mochedwa, ikabwera n'kukokolola nthaka. Iwo ankati Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, koma ife tinangogwira kulimako, kusunga tinaiwala. Choncho masamba ogwa ankawasiya kuti awolere pomwepo. Udzu wa m'mbali mwa mpanda sankautchetcha. Anadzala mpendadzuwa woti mbalame zizidya, n'kukwirira beseni lakale kuti achule azipeza madzi. Patapita zaka, kuseriko kunkazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo, njuchi zili yakaliyakali pa maluwa a maungu.

Anthu anawapatsa dzina loti a Tchire.

"Bambo, tsiku lina njoka idzatipeza pabedi," ankadandaula mng'ono wanga.

"Mudzaipatse moni, mayi. Nayonso inakwera nawo chombo cha Nowa."

Pa 9 Juni 2022 alamu anagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno. Anagonekedwa m'chipatala, mkazi wawo n'kukhala komweko kuwadwazika. Amayi a kutchalitchi kwawo, monga amachitira ndi wodwala aliyense, anapangana zokathandiza ntchito za pakhomo. Anapita ndi makasu, zikwanje ndi matsache. Anatchetcha, anazula, anasesa mpaka dothi kuwala, zinyalala zonse n'kuzitentha, uku akuimba nyimbo zotamanda.

Pa 27 Juni ndinapita kukawatenga kuchipatala. Tinapeza amayi aja akutidikira pakhomo, nkhope zili mwee.

"Mwaona, a Tchire?" anatero mtsogoleri wawo akuseka. "Tsopano pano pakuoneka kuti pamakhala anthu!"

Alamu anaima atatsamira ndodo, maso ali pa phulusa. Kenako anati, "Ambuye akudalitseni, amayi. Mwatopa."

Amayiwo atabalalika ndinawalimbitsa mtima kuti zonsezo zidzaphukanso.

"Zidzaphuka, alamu," anandiyankha. "Koma zinanditengera zaka zisanu ndi zitatu, miyendo ili yolimba. Nanga ino?"

Madzulo ake anapempha kuti mpando wawo tiuchotse pawindo lakuseri, tiuike pakhonde loyang'ana kumsewu. Mng'ono wanga anaunyamula akulira. Ankakhala pamenepo kuwonera magalimoto mpaka pa 14 Novembala, tsiku limene anatisiya.