A Zigamba Asunga Mpweya

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi okonza njinga. Dzina lawo lenileni limamveka kuchipatala kokha. Mumsewu wathu wonse ndi a Zigamba, chifukwa chubu chimene wina anataya iwo amachimata mpaka zigamba kuchuluka kuposa chubucho. Shedi yawo ili moyang'anana ndi saluni yanga: malata angapo, benchi, pampu, ndi beseni la madzi akuda momwe amamizamo chubu pofuna kuona pobowoka. Pakangotuluka tithovu, amaloza ndi chala ngati agwira wakuba.

Koma ntchito yawo yeniyeni inali kuyankhula. Munthu ankabwera ndi tayala lakuphwa, n'kuchoka atamva za mvula, za mpira, ndi za mmene akulerera ana ake molakwika. Amene ankawakalipira kwambiri ndi anthu osunga njinga m'nyumba osaikwera. Ine ankandifuulira kuchokera kutsidya kwa msewu makasitomala anga akumva: "Mlamu! Mwamulukayo anakulakwirani chiyani?" Nane sindinkagona. Ndinkawauza kuti dazi lawo silipatsidwa mawu pa nkhani za tsitsi.

Chifuwa anali nacho kuyambira kale. Ankanamizira fumbi, guluu, mphepo, ngakhale sopo wa achemwali, koma fodya ayi. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba zaka zambiri, alamu ndiwo anatseka makutu. Tsiku lina akupopa tayala anangosiya pampu n'kukhala pansi, kukamwa kuli yasa, milomo itachita mbuu. Achemwali anawatengera kuchipatala osawafunsa maganizo.

Dokotala anawauza kuti mapapo awonongeka ndipo njira za mpweya zachepa. Anati matendawa sachiritsika, koma munthu amakhala nawo zaka zambiri akasiya fodya, kutsatira mankhwala, ndi kumayenda tsiku lililonse. Pa mawu onsewo alamu anatolapo amodzi okha: sachiritsika.

"Ndiye kuti palibe pomata?" anafunsa.

"Palibe pomata, bambo," anatero dokotala, osadziwa kuti akuyankhula ndi ndani.

Alamu anabwerera kunyumba atamvetsa matendawo m'njira yawoyawo. Kwa iwo, iwo anali chubu chotaya mpweya pang'onopang'ono, chopanda pomata, ndipo mpweya umene unali m'kati ndiwo unali wotsala. Nzeru inali kuusunga. Fodya anasiya tsiku lomwelo, moti mantha anachita tsiku limodzi zimene achemwali analephera chikwatiwire. Koma pamodzi ndi fodyayo anasiyanso kuyankhula.

Kushedi ankabwerabe, akuyenda monyang'ama ngati asenza mazira. Akafika ankakhala pabenchi, manja pamawondo, osagwira pampu. Kasitomala akapereka moni, iwo ankangogwedeza mutu, pang'ononso. Chikawaseketsa ankagwira pakamwa kuti mpweya usathawire pamenepo. Ena ankati akwiya, ena ankati alowa tchalitchi chatsopano choletsa mawu. Chimene anachikonda pa zonse za kuchipatala chinali kampope kopopera mankhwala m'kamwa, chifukwa kameneko ankakamvetsa: ndi pampu. Akapopa ankatseka milomo n'kutsina mphuno mpaka maso kufiira, kuti zimene alowetsazo zisatuluke.

Ndinawayesa. Ndinaima pakhomo pa saluni n'kufuula: "Alamu! Dazi lija lero likuwala, ndibwerekeni ndiziyang'anirapo makasitomala ngati galasi!" Anangokweza dzanja. Kunena zoona, zinandipweteka. Chipongwe chosabwezedwa chimakhala cholemera kwa mwini wake.

Kenaka kunabwera nkhani ya botolo. Namwino anawapatsa achemwali kapaipi kofewa, n'kuwauza kuti azikaviika m'botolo la madzi, alamu aziuziramo pang'onopang'ono, kuti makhololo azimasuka pachifuwa. Ndinalipo tsiku loyamba, pakhonde pawo. Achemwali anawagwiritsa botolo, alamu n'kuuzira. Madzi anachita thovu, bwatabwata. Munthu uja anaponya botolo uko, maso ali tong'o. Moyo wawo wonse, thovu m'madzi linkatanthauza chinthu chimodzi.

"Mwaona?" anatero. Anali mawu awo oyamba pa masabata angapo. "Ndikuphwa."

Ine ndinaseka mpaka kugwira chipilala, ndipo sindikupepesa, zinali zoseketsa. Achemwali sanaseke. M'mawa mwake anabwera kusaluni, anakhala pampando wa makasitomala osavula duku, n'kuyamba kulira.

"Anthu akuti ndithokoze kuti ali moyo," anatero. "Moyo wake uti? Ndikukhala ndi mpando m'nyumba muja. Ndikathira mchere wambiri, chete. Ndikapsereza, chete. Ndipo miyendo ikuwafooka, mng'ono wanga. Namwino ananena kuti akangokhala pansi, phuma lidzakula. Panopa ngakhale kumanga nsapato akupumira m'mwamba."

Apo kuseka kunandithera. Alamu anali kusunga mpweya, koma mpweyawo ndiwo unkachepa, ndipo achemwali ankawataya amuna awo akuwaona ndi maso.

"Mwawauza?" ndinafunsa.

"Kuwauza? Dokotala wawauza, namwino wawauza. Alamu anuwo samva za wina. Amamva zawo zokha." Atanena zimenezo anasiya kulira, n'kuyang'ana kushedi nthawi yaitali.

Masana a tsiku lomwelo ndinawaona achemwali akubwera akukankha njinga yawo yakale, imene inakhala kuseri kwa nyumba chibadwire mwana wawo womaliza. Matayala anali ophwa ndi ong'aluka, tcheni chili dzimbiri lokhalokha. Anaigoneka patsogolo pa benchi, osapereka moni, n'kuyamba kuikonza okha. Ine ndinasiya kasitomala mutu uli theka n'kuwoloka msewu.

Achemwali sadziwa chilichonse cha njinga, ndipo tsiku limenelo anaonetsetsa kuti zioneke. Anatulutsa chubu ndi sikuludiraiva yosongoka. Alamu anatseka maso. Anapaka guluu osapala pachubupo. Alamu anayamba kugwedeza mwendo. Anamata chigamba chozondoka, guluu asanaume, n'kutenga sipanala yabwino ija, imene alamu salola ngakhale mwana wawo kuikhudza, n'kuyamba kukhomera chigambacho ngati hamala.

"Mayi!" Mawuwo anamveka mpaka kugolosale. "Sipanala imeneyo! Mukundipha ndinu, osati matendawa! Ndipo njinga iyi mwaichita chiyani? Ndakhala ndikunena zaka zonsezi, njinga yoimika ndiyo imafa! Matayala amauma, tcheni chimagwira. Chubu chikamataya mpweya suchigoneka kuseri kwa nyumba ayi, umapopa n'kukwera, kupopa n'kukwera, chimakufikitsa kutali!"

Achemwali anaika sipanala pansi mwaulemu. "Mwamva, mng'ono wanga?" anandifunsa. "Akuti kupopa n'kukwera."

"Ndamva, achemwali. Akatswiri ndiwo anena."

Alamu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka misozi, achemwali akuwasisita pamsana, kampope kali m'manja. Chitawaleka anamvetsera m'kati mwawo. Anali atawononga mpweya wa mwezi wathunthu, ndipo anali akupumabe.

"Ndikuopa, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndikakhala chonchi ndimamva mpweya ukutuluka. Ndimaganiza kuti wina ukatuluka, wobwera sudzabwera."

"Nanenso ndikuopa, bambo," anatero achemwali. "Kuyambira tsiku lija sindinasiye. Koma tiziopa tikuyankhulana. Kuopa ndekha uku inu muli pompo sindingathe."

Ndinabwerera kusaluni msanga, chifukwa mlamu saoneka akulira pamaso pa alamu ake, angadzamunene mpaka kalekale.

Matenda sanachoke, ndipo sadzachoka. Pali masiku amene shedi imakhala yotseka, ndipo masiku amenewo ndimaluka ndikuyang'ana kutsidya. Koma m'mawa wambiri mudzawaona awiriwo akuyenda mpaka kumapeto kwa msewu, alamu akukankha njinga ija kuti aziitsamira akatopa, akuwadzudzula achemwali kuti akuyenda mothamanga. Botolo lija tsopano limakhala kushedi, pambali pa beseni. Amauziramo makasitomala akuona, n'kuwauza kuti thovu limeneli ndi losiyana, ili ndi la chubu chimene chikugwirabe ntchito. Kupopa matayala anasiyira eni njinga, iwo amangowauza kuti akupopa molakwika.

Chimene chinasintha ndi chakuti chipongwe chawo tsopano chimabwera m'zidutswa. Dzulo ndikuluka ndinamva, "Mlamu!" Kenaka chete. Ndinaima, chipeso chili m'manja. Kasitomala anatembenuka, wogulitsa makala anaima, tonse tikuyang'ana munthu atagwira mzati wa shedi, akukoka mpweya pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira namwino. Sindinkadziwa kuti munthu angadikire kunyozedwa ndi mtima wake wonse.

"Mwamulukayo," anatero potsiriza, n'kupumanso. "Ali ndi achibale oti tiwauze za ngoziyi?"

Ndinawabwezera za dazi, mokweza, kuti achemwali amve ali kunyumba.