Maliro a Pachinsalu ku Madzimoyo

Anagogoda Lachiwiri m'mawa ndikumeta ndevu, kunyumba kwathu ku Kapata. Anali apolisi awiri. Wamkuluyo anati, "Valani nsapato, bambo. Nkhani yake ndi yaifupi." Nkhani yaifupiyo inatha milungu isanu ndi iwiri.

Nthawi imeneyo ufulu unali ukadali wakhanda, ndipo ntchito yanga inali yomasulira kanema. Ndinkayenda m'midzi pagalimoto ndi mkulu mmodzi, madala ojambula mafilimu, amene anayamba kugwira kamera atsamunda asanaganize n'komwe zochoka. Iwo ankayendetsa makina, ine ndinkafotokozera anthu m'Chinyanja zooneka pachinsalu. Ndimawasowa masiku amenewo. Ndimasowa fumbi la m'misewu ija, mtedza wokazinga umene amayi ankatininkha, ndi madalawo akundinena kuti pakamwa panga pamathamanga kuposa filimu.

Loweruka la mlungu wapitawo tinali ku Madzimoyo, m'kalasi lotchinga mawindo ndi masaka. Madala anayamba ndi filimu ya chigumula cha kudziko lina lakutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Madzi anali atameza midzi, mitembo itandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Mayi wina anandifunsa, "Kodi anaikidwa amenewa?" Ndinati sindikudziwa. Abambo anavula zipewa, amayi n'kuyamba nyimbo ya maliro ya kutchalitchi. Anthu akuliralirabe, panabwera filimu ya msonkhano wa chipani, nduna ikulankhula. Palibe anaomba m'manja, pakuti kwathu pamaliro saimba nthungululu. Tcheyamani wa chipani anatuluka filimu isanathe.

Kupolisi funso linali limodzi tsiku lililonse: ndani anakonza zoti anthu alire nduna ikulankhula? Anandiikira pepala lonena kuti madalawo anachitira dala. "Saina uzipita kwanu," anatero wondifunsayo. "Nkhalamba ija inadya kale zake." Ndinakana. Tsiku lachinayi anandifunsa mwa njira ina, ndipo khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero.

Ndisaname, m'selo muja ndinkadzitama. Nsabwe zikandiluma ndinkati zilume, bola madala akujambulabe kunjako.

Lachisanu lina, mvula yoyamba itagwa, mlonda anatsegula chitseko. "Tuluka. Mnzako wavomera." Madalawo anali atapita okha kukanena bodza loti anachitiradi dala. Sanawatsekere poona ukalamba wawo, koma anawalanda kamera ndi mafilimu onse.

Ndinakawapeza kumudzi kwawo kufupi ndi Tamanda, akubzala mtedza. Mtima wanga unali utawira.

"Madala, nanga ine ndavutikiranji?"

"Mwanawe, kamera ilibe ana. Iwe uli nawo atatu," anayankha osasiya kukwirira mbewu ndi phazi.

Ndinabwerera ku Kapata osamwa ndi madzi omwe.

Mlungu uno wailesi yanena za chivomezi kudziko linanso lakutali, ndipo ndinazimva ndili ndekha, popanda womufotokozera. Mawa lake uthenga unafika kuti madala aja atisiya. Anthu amati ufulu tinaulandira tonse tsiku limodzi. Wanga unabwera padera, ndipo amene anauvutikira sanajambulenso kanthu, ngakhale nkhuku. Madalawo anakhala ndi moyo zaka zambiri chichitikireni zimenezi, ndipo basi ya kwawo inkanyamukira pafupi ndi nyumba yanga. Sindinawathokoze. Ndinkadikira kuti mkwiyo uthe kaye.